Sabata Imene Fizikisi Inamanga Mvula ku Njombwa

LOLEMBA

Mvula. Dzuwa tinaliona komaliza sabata yatha.

Ahedi andiitanitsa ku ofesi tiyi ndisanamwe n'komwe. Nkhani yake ndi iyi: ana amene akutenga fizikisi pasukulu pano akukwana pa benchi imodzi, ndipo pabenchipo pakutsala malo oika zikwama. Loweruka kuli msonkhano wa makolo. Makolo akapanda kuona phindu la phunziro langali, litsekedwa teremu ikubwerayi, ine ndiziphunzitsa zamasewero ndi kuyang'anira dimba la sukulu. Ine, ndi mimba yangayi, kumathamanga ndi wenzulo kukamwa.

"Musakwiye, aphunzitsi," akutero ahedi. "Ana akuti mumaphunzitsa zinthu zosaoneka."

Zosaoneka! Mutu umene tili nawo sabata ino ndi kuwala. Kuwala kwenikweniku, kumene akuonera mapepala awo pa desikipo.

Chabwino. Akufuna kuona, aona. Pulani yanga:
Lachiwiri, kugawa kuwala kwa dzuwa m'mitundu yake.
Lachitatu, moto wosintha mtundu.
Lachinayi ndi Lachisanu, kubwereza mpaka dzanja lizolowere.
Loweruka, kuonetsa makolo, akhale kukamwa yasa.

Zofunika:
pulizimu, kagalasi kangodya zitatu kaja (kali pa desiki ya ahedi, amapsinjira mapepala, ngodya imodzi inabenthuka)
sipiriti
mchere
waya wa kopa
chipinda chamdima
dzuwa

Labotale tilibe. Pali maziko okha amene anakumbidwa ine ndisanabwere, ndipo pano mwamera bonongwe wabwino kwambiri.

Madzulo ndikuima pa golosale kudikira kuti mvula idukize. Pali a Kamwendo, apampando a komiti ya makolo, mlimi wa fodya wa zigafa zambirimbiri. Ndikungocheza nawo ngati munthu: "Mvula imeneyi yandikwana. Ikanangoleka sabata imodzi yokha." Akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

Kunyumba Nabanda, mkazi wanga, akuimba nyimbo. Nyengo iyi ndi yake. Fodya wake wauma m'chigafa, ndipo chinyezi chikumufewetsa bwino, akusankha masamba ndi kumanga popanda kuthyoka ngakhale limodzi. Dera lonse lili pa ntchito yomweyo, aliyense akufuna mabelo ake akafike ku okushoni msanga. Wofuna dzuwa mu Njombwa muno ndili ndekha.

LACHIWIRI

Mitambo bii.

Ndaitana Fomu 2 ndi Fomu 3 yonse kuti idzaone. Theka silinabwere, lili m'zigafa kuthandiza makolo. Amene abwerawo akununkha fodya ndipo akusinza.

Pulizimu ndaitenga. Ahedi akuti ndibweze isanakwane nthawi yoweruka, mapepala angauluke. Ndikuiimika pawindo. Palibe chikutuluka. Ndikuyatsa tochi ya foni. Pakhoma pakuoneka kabanga kotuwa, ngati pamene wina anaphera udzudzu.

Ndiye basi, choko ndi pakamwa, monga mwa masiku onse. Ndikuwauza kuti kuwala koyeraku si mtundu umodzi, muli kofiira, kwachikasu, kobiriwira, kwabuluu mpaka kwa pepo, zonse zosakanikirana. Kuwala kumayenda ngati mafunde, ofiira ndi aatali, a pepo ndi aafupi ndipo ali ndi mphamvu zambiri. Kupitirira mbali zonse ziwiri kuli abale ake amene diso siliona: mafunde a wailesi, a netiweki ya foni, ndi aja amakujambulani nawo mafupa kuchipatala ku Boma. Banja limodzi lonselo, kusiyana kutalika kwa mafunde basi.

Chisomo, mtsikana wa pa benchi yanga ija, wakweza dzanja. "Aphunzitsi, ngati wailesi ndi m'bale wake wa kuwala, bwanji bambo anga amamvera mumdima?"

Kalasi yonse ikuseka. Funsolo ndi labwino, koma ine mutu wayamba kale kuwawa.

Ndikupita ku atomu. Apa ndiye ndadzigometsa ndekha. Ndikuti: ganizani chigafa. Fodya mumapachika pa mzere wam'munsi, wapakati kapena wam'mwamba. Munaonapo mkangala ukulendewera m'malere pakati pa mizere? Ayi. Elekitironi mu atomu ndi chimodzimodzi, ili ndi mizere yake, pakati siikhala. Mukaipatsa mphamvu, monga kutentha kwa moto, imadumphira mzere wam'mwamba. Siichedwako. Ikamatsika imabweza mphamvu ija ngati kuwala, ndipo mtundu wa kuwalako umadalira kuti yatsika kuchokera pati kufika pati. Chinthu chilichonse chili ndi chigafa chakechake, ndiye chilichonse chili ndi mtundu wake.

Kumbuyo wina akufunsa ngati elekitironi ikagwa imathetheka, ndipo ikathetheka amaigula mtengo wanji.

Sipiriti pa golosale palibe. Akuti mwina ku Mtunthama. Wa kabaza wakana, akuti msewu ndi phala. Moto wa makala sungathandize, ndi wofiira kale, ine ndikufuna lawi labuluu loti mtundu wina uoneke bwino.

Chatsala ndi chimodzi, ndipo ndikuchita manyazi kuchilemba. Kachasu. Ine woimba besi mu kwaya ya mpingo, ndikudutsa kuseri kwa dambo, botolo m'jekete. Ndikuuza mayi wotchezayo kuti ndikufuna mutu weniweni, uja umayaka, ndipo ndi wa ntchito ya sukulu.

"Aliyense amabwera ndi chifukwa chake," akutero uku akuthira. "Koma chanuchi n'chatsopano."

Pobwerera ndakumana ndi anthu a mpingo wathu atatu. Chaka chonse njira imeneyi simuyenda munthu!

LACHITATU

Mvula yowaza chiyambire m'mawa.

Ndatenga mapepala akuda a Nabanda, otsala pofolera chigafa, ndatseka mawindo onse a Fomu 3. Ndatenganso paketi yake ya mchere. Sindinapemphe, anali atapita kale kuchigafa.

Mdima bii. Ana akutsinana. Ndikuthira kachasu m'chivindikiro cha polishi, ndikuyatsa. Lawi labuluu, lokongola, losachita utsi. Fungo lake ndi nkhani ina. Ahedi akusuzumira pakhomo, akununkhiza, akutseka chitseko pang'onopang'ono.

Ndikutapa mchere, ndikuwaza pamoto. Thetheteee, lawi lonse chikasu! Nkhope za ana zasanduka zotuwa, milomo yakuda, ngati anthu oti adwala chaka chathunthu. Atsikana akukuwa, anyamata akulozana. Ine mtima uli mbee. Ndikufuula kuti ameneyo ndi sodiyamu wa mumchere, maelekitironi ake akudumpha ndi kutsika, ndipo mzere wake umatulutsa chikasu nthawi zonse, kaya ku Njombwa kaya kunja. Ndikulowetsa waya wa kopa m'lawi latsopano, m'mphepete mwake mukubiriwira. Palibe akusinza. Chiyambire ntchito sindinakhalepo ndi kalasi yotere.

Ndikumatula mapepala pawindo.

Dzuwa. Ngwee, bwalo lonse. Mitambo ikuthawira kumadzulo ngati yaitanidwa.

Ana akuyang'ana kumwamba, akuyang'ana paketi ya mchere, akuyang'ana ine. Wina akunong'ona, "Athira mchere pamoto." Ine sindikulabadira, ndikuthamangira pulizimu ku ofesi. Pakhoma pakutuluka mitundu yonse mwadongosolo, kofiira uku, kwa pepo uku. Ndikudikira kuti aombe m'manja. Akungotuluka mmodzimmodzi, cham'mbali, osandifulatira.

Ndikufika kunyumba nkhani yafika kale. Nabanda waima pakhomo, manja m'chiuno.

"Bambo a Tadala, mchere wanga mwakathira pamoto mvula ikugwa?"

Apa m'pamene zikundilowa. Inenso ndinakulira konkuno. Mayi anga omwe ankachita zimenezi: ufa uli pamphasa, mitambo yabwera, amatapa mchere n'kuponya pamoto kuti mvula ipite kwina. Aliyense amadziwa. Ine ndinaiwala, mutu unali ku sodiyamu.

Ndikumufotokozera kuti kamchere ka m'chivindikiro cha polishi sikangakankhe mtambo. Akuti iye za mtambo sakudziwa, akudziwa zoti masamba ayamba kale kulira akawagwira.

LACHINAYI

Kumwamba kulibe ngakhale kamtambo ka mankhwala. Kamphepo kouma kakuomba.

Kalasi yadzaza mpaka ena akhala pawindo. Ndikusangalala, ndikuti fizikisi yayamba kukoma. Chisomo akundiuza kuti ayi, kungoti kunyumba kulibe ntchito, fodya wauma gwa, ukangomukhudza akuthetheka ngati chipapati chakale. Makolo awauza kuti apite kusukulu akaone zimene aphunzitsi achite lero.

Pano munthu wanzeru akanakhala pansi n'kulembetsa manotsi. Ine ayi. Ndikuganiza za Loweruka: pulizimu ndi yaing'ono, makolo a kumbuyo sadzaona kanthu. Pakufunika chinthu chachikulu. Ndikukumbukira sipuleya ya Nabanda yopopera mbewu. Ndaitsuka ndi sopo kawiri konse, ndadzaza madzi a pamjigo.

Masana dzuwa litapendeka, tonse kuseri kwa kalasi. Ndikuwaimika dzuwa lili kumsana kwawo. Ndikupopa. Timadontho tikuuluka, ndipo pakati pake, taonani, utawaleza wathunthu kuyambira pa mpanda mpaka pa mtengo wa mango. Ndikufotokoza kuti kadontho kalikonse kakugwira ntchito ya pulizimu, kakupinda kuwala, mtundu uliwonse ukupindika mosiyana ndi unzake. Zokoma zedi.

Ndikutembenuka. Pamsewu paima ngolo ya a Kamwendo, antchito awo ali m'mwamba, akuonerera. Amayi a pamjigo atula zidebe. Mmodzi wagwira pakamwa.

Utawaleza, abale. Mwana aliyense kuno amadziwa kuti ukaoneka ndiye kuti mvula yatsanzika. Ndiye Lolemba ndinanena pagulu kuti ileke. Lachiwiri anandiona kuseri kwa dambo ndi botolo. Dzulo mdima, moto ndi mchere. Lero ndapanga utawaleza ndi manja anga, masanasana, ana a eni akuonerera. Ndikanakhala wina, inenso ndikanadzikayikira.

Nabanda walanda sipuleya. Mchere wautsekera m'sutikesi, kiyi ali m'khosi. Ndiwo za madzulo wathira yekha kukhitchini, kuti ine ndisaone pamene paketi ili.

LACHISANU

Dzuwa. Ndimalifuna, pano ndikuliopa kuliyang'ana.

Zimene zachitika ndisanafike n'komwe kusukulu:
moni wanga pamjigo wagwera pansi
wa golosale wachotsa mchere pa shelefu atandiona
mwana wina wa pulayimale wandiona n'kuthawira m'chimanga
pakhomo pathu tapeza nkhuku yomanga miyendo, mwini wake sakudziwika

Nkhukuyo ndikuti ibwezedwe. Nabanda akufunsa kuti kwa yani. Waiika m'khola.

Nthawi yopuma a Kamwendo afika ku ofesi, chipewa m'manja, ulemu wonse. Atulutsa tsamba la fodya m'thumba, alifinya pa desiki ya ahedi, lasanduka fumbi.

"Aphunzitsi, sitikukuimbani mlandu. Munthu aliyense ali ndi luso lake. Mwaonetsa ana, aona, tathokoza. Tsopano masulani."

Ndikuwauza kuti sindinamange kanthu. Ino ndi nthawi yoti mvula iyambe kudukiza, chaka chilichonse zimatero. Masiku awiri okha a dzuwa! Ndikuyamba za mphepo ndi chinyezi. Akugwedeza mutu mwaulemu mpaka ndamaliza.

"Tamva. Ndiye mumasula liti?"

Atapita, ndikuyembekeza kuti ahedi, munthu wa madigiri, andithandiza. Akutseka chitseko, akutsitsa mawu. "Kaya ndi sayansi kaya ndi zina, ine sindifunsa. Koma mawa makolo asabwere fodya ali choncho. Inenso ndili ndi kachigafa kanga."

Ndakwiya koopsa. Zaka zonsezi ndikulankhula m'kalasi, palibe amandikhulupirira. Lero dera lonse likundikhulupirira, pa chinthu chimene sindinachite.

Ndatsimikiza. Mawa ndibwereza zonse pamaso pawo, pang'onopang'ono, ndifotokoza chilichonse. Aone okha kuti ndi mchere wamba, moto wamba, ndipo kumwamba sizikukukhudza. Akamvetsa, fizikisi yapulumuka. Akapanda kumvetsa, ndikagula wenzulo.

Madzulo ndikuthandiza Nabanda kuwaza madzi pansi m'chigafa kuti mwina chinyezi chikwere. Akungondilozera poti ndiwaze.

LOWERUKA

Msonkhano wa makolo nthawi zonse umabwera anthu okwana pansi pa mtengo umodzi. Lero njinga zadzaza bwalo la mpira. Kwabwera ndi anthu oti alibe mwana pasukulu pano.

Kukutentha koopsa. Tadzazana mu Fomu 3, ena panja. Nkhani ya chimbudzi cha atsikana yatha mofulumira, ya mpanda ayi ndithu sinakambidwe. Aliyense akuyang'ana katoni yanga ya zipangizo.

Ndikutulutsa paketi ya mchere, yobwereka kwa mphunzitsi mnzanga. Chipinda chonse: "Ayiii." A Kamwendo adzuka, aitenga m'manja mwanga ngati akulanda mpeni kwa mwana, aiika m'thumba la jekete. Umboni wanga wonse wapita m'thumba limenelo.

Chabwino, pakamwa ndili napo. Ndikujambula chigafa pa bolodi, mizere itatu. Ndikufotokoza za elekitironi, kukwera, kutsika, kuwala. Ndikuona mitu ikugwedezeka, chigafa akuchidziwa. Bambo wina akuti mzere wam'mwamba ndaujambula pafupi kwambiri ndi denga, fodya angapse. Ndikukonza. Ndikunena katatu konse kuti zimenezi zimachitika mkati mwa atomu, m'kanthu kochepetsetsa, ndipo mtambo sizikuukhudza.

Mayi wina wakweza dzanja. "Mwati mukaika pamoto chimakwera m'mwamba, kenako chimatsika?"

Ndikuti eya, ndi zomwezo, mayi mwamva bwino. Mtima wanga ukuyamba kutsika.

"Ndiye tsitsani."

Anthu akuvomereza. Ine ndikufuna kuluma choko.

Ndikupempha kuti andilole kuonetsa waya wa kopa wokha, poti mchere andilanda. Akunong'onezana. A Kamwendo akufunsa ana ngati wobiriwirayo ndi woopsa. Ana akuti sakudziwa, tsiku lija unabwera pambuyo. Andilola.

Mapepala akuda pamawindo. Mdima, thukuta, makanda akulira. Ndikuyatsa kachasu wotsala, abambo ena akumuzindikira ndi mphuno n'kumaseka. Ndikulowetsa waya. Lawi likubiriwira bwino kuposa Lachitatu. Ndikuyamba: "Mwaona, awa ndi maelekitironi a kopa, mizere yake ndi yosiyana ndi ya..."

Pa malata: tha.

Ndikupitiriza ngati sindinamve.

Tha. Tha tha. Kenako wooo, ngati wina akukhuthula thumba la chimanga padenga.

Mulungu wanga, mwa mphindi zonse za sabata ino, munasankha imeneyi?

Nthungululu. Wina wandinyamula m'chiuno. Ndikukuwa kuti zangochitika, mitambo inali ikubwera kale ife tili mumdima, kutentha kuja kunali chizindikiro, koma mawu anga akumira m'malata. Anthu akulimbirana pakhomo kuthamangira kuzigafa.

A Kamwendo akuwaimitsa, akwera pa benchi. Akuti nkhani ya fizikisi ithe pompano. Phunziro limeneli lisatsekedwe, ndipo mwana aliyense wa Fomu 3 alitenge, wofuna ndi wosafuna. "Mudzi uliwonse ukhale ndi wake wodziwa wachikasu ndi wobiriwira. Tisamadalire munthu mmodzi, boma likhoza kumusamutsa."

Manja onse m'mwamba. Ahedi akulemba, nkhope ili mwee. Andigwira chanza, akuti pulizimu ndikhoza kusunga.

Ndayenda wapansi mpaka kunyumba, osafunda kanthu. Aliyense wondipitirira pa njinga akutsika kuti andipatse moni.

LAMULUNGU

Mvula yowaza. Fodya wafewa dera lonse.

Kutchalitchi anzanga a besi andisiyira malo aakulu mbali zonse ziwiri. Abusa alalikira za anthu otumikira mabwana awiri, maso ali kwa ine. Potuluka, mayi wina wachikulire wa mumpingo wandikokera kuseri kwa tchalitchi. Mwana wawo akukwatiwa Loweruka likubwerali, madyerero ndi a panja. Akuti sakufuna zambiri, kuyambira m'mawa mpaka anthu atadya basi, madzulo ndikhoza kumasula. Ndawauza kuti abwereke tenti. Aseka, akuti amva, akambirana ndi abambo kunyumba aone chimene angakwanitse.

Nabanda ali m'chigafa ngakhale ndi Lamulungu, akungoyendera, akugwiragwira masamba. Mchere wabwerera pa shelefu. Ndikumufunsa ngati iyenso akukhulupirira zimenezi.

"Ine? Munthu woti mbaula imakukanikani kukoleza? Koma mukhale chete, bambo a Tadala. Ntchito mwaisunga."

Ndi zoona, ndaisunga. Wenzulo sindigula. Ahedi atumiza uthenga kuti mawa tisamukire m'chipinda chachikulu, mabenchi akabwereka ku pulayimale. Chimene ndinkapempha Lolemba ndapatsidwa mosefukira, ndipo chikundiwawa kuposa kuchitaya.

Ndakhala pakhonde ndikukonza phunziro la mawa. Ndiwauzanso zomwezo: mizere, kukwera, kutsika, kuwala. Ndinenanso kuti mtambo sizikuukhudza. Adzalemba bwinobwino, adzagwedeza mitu, mwina mmodzi kapena awiri adzamva. Kenako wina kumbuyo adzakweza dzanja n'kufunsa kuti mcherewo amathira masipuni angati.